Nsalu ya Nkhanga Sindigula

Lolemba

Iwe amene watsegula kope langali osapempha, usanapitirire yamba wayankha: mu sutikesi mwako, kapena mwa mkazi wako, muli zitenje zingati zimene zinavalidwa tsiku limodzi lokha? Usayankhe msanga. Pita ukatsegule, ukawerenge. Ukapeza mulibe, bwera udzandiseke. Ukapeza zilimo, khala pansi, ndipo usanyowetse chala potembenuza mapepala anga.

Ine ndawerenga zanga dzulo. Khumi ndi zitatu!

- cha ukwati wa mwana wa a landilodi (banja linatha mvula isanagwe)
- cha chinkhoswe cha ku Kawale (nkhope ya mtsikanayo sindiikumbuka)
- cha tsiku lotsegulira tchalitchi
- ziwiri za chipani chakale, za nkhope ija
- chimodzi cha chipani chatsopano, chinachita kuponyedwa kuchokera pa galimoto, chinandimenya m'maso
- chobiriwira cha mananazi, kaya chinali cha chiyani
- zinazo n'chimodzimodzi. Zonse zikununkha mankhwala a mphemvu.

Mwezi watha kwathu ku Ntcheu ndinaona mayi wina pa chigayo. Chitenje chimodzi: chovala chomwecho, choberekera mwana chomwecho, chofunda chomwecho. Pakati chinapyapyala moti umaona dzuwa mbali inayo. Ine kuno khumi ndi zitatu zikungogona ngati akazi a bwana. Kugula chinthu chimene sukuchisowa mnzako alibe chobisira msana, ine ndimati ndi kuba. Sindinaziwerenge m'buku. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, kusoka ndinaphunzira ndekha pophwasula diresi la mayi anga, ndipo ndinakwapulidwa. Koma maso ndili nawo.

Ndiye kuyambira lero, malamulo:

1. Chimene sichidyedwa kapena kuchapira, sindigula.
2. Kaunjika ayi. Wapha ntchito yathu ife atelala.
3. Minibasi ayi. Miyendo ilipo, ndipo Old Town si ku Joni.
4. Zakumwa za m'botolo ayi. Thobwa ndaphika kale, lili mu ndowa kuseri kwa chitseko.
5. Nsalu ya ukwati wa Loweruka SINDIGULA.

Ukwatiwo ndi wa Tiyamike, mwana wa malemu mkulu wanga. Ndamulera ine kuyambira mano ake akutsogolo asanamere kachiwiri. Komiti ya ukwati yasankha yunifolomu: nsalu ya buluu ya nkhanga zoyera, mamita folo aliyense. Ndipo yaika lamulo loti wopanda yunifolomu salowa mu mzere woperekeza mkwatibwi mu holo, komanso pa chithunzi sakhalapo.

Zaka zonse zija tinkagula nsalu mokakamizidwa, n'kuvina mokakamizidwa. Tinaima pamzere padzuwa kuvota kuti zokakamizana zithe. Boma lasiya, komiti ya ukwati yatola!

Dzulo pa msonkhano ndinaimirira n'kunena zonsezi, osachotsera. A Tcheya a komitiyo, mayi wa golosale ya pakona, anangokonza magalasi awo. Amvekere: "Lamulo ndi lamulo, mayi telala." Tione.

Chondiseketsa n'chakuti wosoka yunifolomuyo ndine ndemwe. Azimayi khumi ndi mmodzi, nsalu zawo zili mu dengu pakhonde, iliyonse ndabayapo kapepala ka dzina. Anabwera kwa ine chifukwa Biwi yense amadziwa kuti ine zotsalira ndimabweza. Atelala ena ana awo amavala nsalu za makasitomala. Ine ngakhale kachidutswa kongokwana kumangira chala, ndimakulunga, kumanga ndi ulusi, kubweza kwa mwini wake.

Masana kwadutsa mayi wa katundu wa ku Joni, chikwama chodzaza mafuta odzola ndi tinsalu toyala pa mipando. Ndamuuza kuti nkhope yanga yafika pano ndi mafuta wamba, ndipo mipando yanga simva kuzizira. Wapita akung'ung'udza.

Bambo a m'nyumba muno awerenga malamulo pa chitseko pamene ndawakhoma. Funso limodzi lokha: "Akukhudzanso ife?" Ndati chikumbumtima chawo chiwayankhe. Apuma mpweya wautali, aoneka omasuka.

Lero sindinagule kanthu. Mtima uli myaa.

Lachiwiri

Ulusi wa buluu watha, mazipi palibe. Izi ndi za ntchito, malamulo sizikuwakhudza. Ulendo wa ku Old Town, wapansi.

Dzuwa la Okutobala! Ndanyamuka ndi nyimbo pakamwa. Pofika pa Mchesi nyimbo yatha. Makondakitala akundiitana ngati mbale wawo: "Mayi, malo alipo, mpando wakutsogolo!" Ndikuyang'ana kumbali. Fumbi lawo ndikumeza ulere.

Pafupi ndi msika silipasi yakumanzere yaduka. Wogulitsa masilipasi ali pomwepo, ngati anachita kupangana ndi Satana. Sindigula! Ndapempha kawaya kwa wokonza njinga, ndalumikiza ndekha, ndapitiriza. Kawayako kakundibaya pakati pa zala phazi lililonse limene ndikuponda.

Mu msika belo la kaunjika langotsegulidwa kumene. Sindimafuna kuyang'ana, koma njira yake ndi yomweyo. Nsapato zoyera, zachidendene chachifupi, saizi yanga yeniyeni. Ndangozigwira. Kugwira si kugula. Ndayesa phazi limodzi. Kuyesa si kugula. Wogulitsa amvekere: "Zakukhalani, mayi, ngati munabadwa nazo." Ndamuuza kuti malonda akewo ndi amene akutilanda chakudya pakamwa ife atelala. Iye: "Nanga nsapato mumasoka?" Mwano!

Ndadutsa pa sitolo ya nsalu ku Bwalo la Njobvu. Ya nkhanga ija ili pa windo, aipachika ngati mbendera. Ndi yokongola, zimenezo sindikana. Ndimanena zoona ngakhale za mdani.

Pobwerera chala chikutuluka magazi. Ndakwera minibasi, anayi pa mpando, dengu la usipa la munthu wina pa miyendo panga. Lamulo lachitatu ndalikonza pang'ono ndi pensulo: minibasi ayi, kupatula pobwerera.

Tiyamike waweruka ku ntchito, wakhala pa mpando wa makasitomala, akutola timaulusi pa siketi yake. Mwana ameneyu sakangana, anatengera mayi ake. Bola akanakalipa, ndikanadziwa chomuyankha. Kenako, chapansipansi: "Ndiye polowa mu holo adzandigwire dzanja ndani, amayi?"

Ndati dzanja amagwira ndi munthu, osati nsalu. Wati, "Chabwino." Wapita kukatsuka mbale zotsuka kale.

Ndapalasa mashini mpaka dzuwa kulowa. Msoko umodzi wakhota, ndaphwasula kawiri. Si khalidwe langa.

Lachitatu

M'mawa ndatenga zitenje zitatu mu sutikesi muja, ndapita nazo kwa aneba a kuseri, a ana asanu ndi mmodzi aja. Andiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Mwamva kuti kwathu kwapsa nyumba?" Ndabwera nazo. Kuchitira munthu zabwino mu Biwi muno n'kofunika kuyamba walemba kalata.

Lero ndi tsiku lodula mabulauzi. Mphasa pakhonde, choko, tepi, sizasi.

Ndikudula ya a Mlembi a komiti. Pakhosi patuluka chidutswa, m'khwapa ziwiri. Ya a Msungichuma chimodzimodzi. Ya wina, ya wina. Pofika masana pambali pa mphasa pali kamulu ka buluu. Ndikukayang'ana. Nako kakundiyang'ana.

Ganizo labwera lokha, sindinaliitane.

Lamulo lachisanu likuti sindigula. Silikuti sindivala!

Zifukwa, kuti mawa ndisadzitsutse:

a) Zidutswazi eni ake amangokaziponya pansi pa bedi. Ena amagwirira poto wotentha.
b) Kutola zotayika n'kupanga chovala, kumeneko ndiye kusawononga kumene ndikunenako.
c) Sindikuba. Ndikubwereka. Ukwati ukatha ndiphwasula, aliyense alandira zake.
d) Dzanja la Tiyamike.

Chomalizachi chikanakwana chokha, koma ndimakonda zinthu zadongosolo.

Bambo a m'nyumba muno abwera kuchokera ku ntchito yawo yoyendetsa lole ya mchenga. Aima pakhonde, ayang'ana kamulu kaja, ayang'ana ine. "Kodi timitolo ta makasitomala tija lero simukumanga?" Ndawauza kuti madzi awo osamba akuzizira ku bafa.

Ndayala zidutswa zonse pa mphasa, ndazisuntha uku ndi uku ngati ndikusewera bawo. Zikukwana mkono umodzi, theka la msana, ndi duku la mphaka.

Lero sindinagule kanthu, kupatula ulusi winanso. Zidutswa zimadya ulusi!

Thobwa layamba kutulutsa thovu. Bambo amwa makapu awiri, akuti likukoma kuposa dzana.

Lachinayi

Zidutswa sizikukwana. Ndazitembenuza, ndazikoka, ndazipempherera. Sizikukula.

Telala aliyense wanzeru amasiya nsalu yapadera mkati mwa msoko. Ine ndimasiya zala ziwiri, chifukwa mayi wa mu Lilongwe sachepa, amangowonjezereka, ndipo chovala chiyenera kumudikirira. Komanso msoko wopanda nsalu mkati sugwira, ulusi umangotsetsereka. Ndikudziwa zimenezi kuposa aliyense. Koma lero ndadzifunsa: zala ziwiri za chiyani pa chovala cha tsiku limodzi?

Zotsala kudula ndi masiketi onse, maduku onse, ndi bulauzi ya a Tcheya. Ndiye:

- masiketi: chala chimodzi m'malo mwa ziwiri
- mipendero: ndakweza pang'ono, mawondo sakuoneka, palibe tchimo
- maduku: lililonse lapereka chikhatho chimodzi
- a Tcheya: anagula mamita sikisi pamene anzawo anagula folo. Amene ali nazo zambiri apereke zambiri. Theka la chala.

Siketi yanga yatuluka! Kutsogolo kwa bulauzi kwatuluka! Mashini ikuyimba.

Masana a Tcheya abwera kudzayesa. Alowa kuchipinda. Ndikumva kupuma, kenako zii, kenako kupumanso. Atuluka manja atatambalala ngati akufuna kuuluka. "Mayi telala, sikuthina iyi?"

Ine amene ndinauza abusa pamaso kuti ulaliki wawo watalika. Ine amene ndinauza apongozi anga kuti mchere wachuluka. Ndatsegula pakamwa panga pomwepa n'kunena kuti: ndi fashoni ya ku Blantyre.

Akondwa! Adziyang'ana pa galasi kutsogolo ndi kumbuyo. "Ya ku Blantyre eti?"

Ndati ndiwapatse chakumwa kuti asiye kuyang'ana m'khwapa. Ndavundukula ndowa: thobwa lasasa, fungo lake lokha lingaledzeretse munthu. A Tcheya amuna awo ndi mkulu wa mpingo. Ndathamanga ndekha kukagula cha m'botolo, chozizira, ndi sikono. Mlendo samwa yekha, ndagula ziwiri. Ndakagula kuti? Ku golosale kwawo komwe!

Lamulo lachinayi lapita. Ndalikhwatcha.

Potsanzika amvekere: "Zotsalira zanga mudzandipatsire limodzi, ndikufuna kusokera kapilo." Ndati inde. Bodza lachiwiri tsiku limodzi. Latuluka mosavuta, ndicho chandiopsa.

Tiyamike waona chovala changa chili pa mashini, chopindidwa, misoko yake sanaione. Wandikumbatira chakumbuyo. "Ndimadziwa kuti mugula, amayi." Sindinamukonze. Limeneli sindiliwerengera, pakamwa sindinatsegule.

Lachisanu

Abale a ku Ntcheu afika ndi basi ya m'mawa. Nyumba yadzaza, pakhomo nsapato mulu, ku bafa mzere.

Pakati pawo pali Anangozo, mlongo wa malemu bambo a Tiyamike, azakhali ake enieni. Mayi wamfupi, khutu limodzi silimva, ndiye amalankhula ngati uli kutsidya kwa dambo. Abwera ndi tambala wamoyo m'khwapa, thumba la mtedza pamutu, ndi lichero latsopano lomupatsa mkwatibwi. Tambalayo wawaipitsira chitenje mu basi. Achapa, ayanika pa waya, akuchidikirira atafunda bulangete langa dzuwa lonseli. Chabwino chimene ali nacho ndi chokhacho. Ndati abwereke changa. Akana, akuti pa ukwati wa mwana wa achimwene awo avala chawo.

Za yunifolomu kumudzi sanauzidwe. Kalata ya komiti inangonena tsiku, ndi kuti abwere ndi ufa. Aona zovala khumi ndi chimodzi zili ndandanda pa chingwe. "Zokongola, alamu! Ndi za kwaya?" Ndati ndi za komiti. Ndadziuza mumtima kuti ndikalankhula ndi a Tcheya za iwowa. Ndikangomaliza mikono.

Mikono ndamaliza. Chovala chatha! Zidutswa makumi anayi ndi zitatu, ndawerenga posita. Ukaima patali ndi yunifolomu. Ukayandikira:

- nkhanga zopanda mitu, zambiri
- nkhanga ya michira iwiri, pachifuwa penipeni
- zitatu zikuyenda chadodolido pamsana
- mutu umodzi paphewa, uli wokhawokha, ukuyang'ana kumwamba

Bambo a m'nyumba muno ayang'ana nthawi yaitali. "Nkhangazi zagundidwa ndi lole?" Ndawafunsa ngati loleyo inali yawo.

Ndayesa. Misoko yachuluka, ikundikanda thupi lonse. Pafunika layining'i. Ya pachifuwa ikuonekera kwambiri, pafunika lesi yobisira. Izi sindinganene kuti ndi za ntchito, kasitomala wake ndine. Ndapita ku Old Town pa minibasi, popita ndi pobwerera, nthawi palibe. Layining'i, lesi, mabatani. Ndiye poti ndafika kale, komanso munthu sangaperekeze mwana mu tchalitchi ndi silipasi ya waya...

Nsapato zija zinalipo. Wogulitsa uja wandizindikira ndili patali. "Ndinakusungirani, mayi telala." Wakweza mtengo. Ndangolipira. Ine!

Bambo akuti nditaphatikiza zimene ndagula sabata ino, nsalu ija ndikanagula n'kutsalanso ndi ya minibasi. Sindiphatikiza. Nkhani si ndalama, nkhani ndi mfundo.

Azimayi abwera mmodzimmodzi kudzatenga zovala zawo. Atatu afunsa za zotsalira. Ndati ukwati ukapita, pano ndili bize. A Msungichuma akulunga duku pamutu, silikufika pomanga bwino. Ndati mutu umatupa ndi kutentha.

Kwa a Tcheya sindinapite. Mawa m'mawa.

Loweruka

M'mawa chipwirikiti. Simbi ya makala imodzi, ofuna kusita khumi. Za Anangozo ndakumbukira tili kale pa galimoto.

Kutchalitchi zonse bwino. Anthu akakhala pansi misoko imapuma. Tiyamike wakongola moti ndalira, misozi ndapukutira pa nkhanga yopanda mutu.

Madyerero ku holo ya sukulu. Pakhomo paima abambo awiri a komiti, akusankha anthu ngati tomato: wa buluu uku, wopanda buluu dikirani. Andiyang'ana, ayang'ananso, andilowetsa mu mzere. A Tcheya amvekere: "Mwagonja, mayi telala?" Ndangomwetulira.

Ndamugwira dzanja! Kuyambira pakhomo mpaka kutsogolo, pang'onopang'ono, nthungululu mbali zonse. Dzanja lake landifinya mpaka mphete yandipweteka. Zimenezi ndilembe bwinobwino, chifukwa zotsatirazi ndi zina.

Perekani-perekani. Woyendetsa mwambo waitana komiti kuti ifupe. Gule wakolera. A Tcheya ali patsogolo, akuponya makobidi mu beseni, fashoni ya ku Blantyre ili pa ntchito. Ndikupemphera kuti asatsike pansi. Anthu akuwachemerera. Atsika.

Phwee!

Kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Theka la chala! Asanadzuke n'komwe, siketi ya a Msungichuma yatseguka kumbuyo ngati chitseko. Kenako ya mayi a ku Area 23, amene sanandilakwirepo kalikonse. Ena onse aima chilili, manja m'mbali, kuopa kupuma. Woimba nyimbo sanaone, akungowonjezera voliyumu.

Azimayi sachedwa. Mmodzi wagwira duku lake, wayang'ana siketi yanga. Wina wandizungulira. A Mlembi aloza paphewa panga: "Mutu uwu ndi wa nkhanga yanga! Thupi lake ndi ili pakhosi panga apa!" Ayandikira, ayerekeza. Zagwirizana ndendende. Ndimadula mowongoka, vuto langa ndi limenelo.

Ndati inde, ndinadula, nonse khumi ndi mmodzi, ndipo pakanapanda lamulo lanu lopusalo bwenzi aliyense ali ndi zala zake ziwiri! Woyendetsa mwambo anali atandiyandikizira maikolofoni, kaya mwadala. Holo yonse yamva, ndi akuchimuna omwe.

Tiyamike wabisa nkhope mu velo. Mapewa akugwedezeka. Mpaka pano sindikudziwa ngati amalira kapena amaseka.

Singano ndi ulusi sizichoka mu chikwama changa. Madyerero otsala ndadyera mu kalasi ya Sitandade 2, nditagwada, ndikusoka a Tcheya ali chiimire atagwira bolodi. Ndawabaya kamodzi, mwangozi. Kenako a Msungichuma, kenako mayi a ku Area 23, amene angoti, "Pepani, tikukuvutitsani." Bola akanatukwana. Mpunga sindinaulawe.

Chithunzi chajambulidwa mothamanga, dzuwa lisanalowe. Tonse a buluu, akwati pakati, ine pambali pa Tiyamike. Wojambula akuti, "Kwezani manja, sangalalani!" Palibe wakweza.

Ndapita kuseri kukasamba m'manja. Pa mpopi pali Anangozo, chitenje chawo chochapa chija atachikwinyira m'chiuno kuti chisanyowe, akutsuka mbale. Pakhomo anawauza kuti adikire, a mzere alowe kaye. Anadikira. Palibe anabwera kudzawatenga. Wina anawaona ali chiimire n'kuwapatsa sopo.

"Ndamuonera pa windo mwana wa achimwene!" akutero mokuwa, monga amalankhulira. "Wakongola, alamu! Chithunzi ajambula nthawi yanji?"

Ndatenga mbale, ndayamba kutsukuluza.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Chala chatupa mu nsapato za kaunjika, komanso ndikudziwa kumene maso onse akanayang'ana.

Pepala la malamulo ndalichotsa pa chitseko. Ndayatsira mbaula.

Uthenga wa a Tcheya wafika tisanamwe tiyi: atatu ong'ambikirwa aja ndiwagulire nsalu yatsopano, ya nkhanga yomweyo, ndisokenso ulere. Sindikutsutsa, wodula ndine. Mawa ndikagula mamita khumi ndi anayi, ine amene ndinakana folo. Mkati ndidzasiya zala zitatu.

Mayi wina wa ku Kawale wabwera kudzatenga nsalu yake yosasoka. Akuti wasintha maganizo. Wayeza ndi mkono pamaso panga, kawiri. Zaka zonsezi ndikumanga timitolo! Ndangoyang'ana. Ayeze, ufulu ndi wake.

Chovala changa ndayamba kuphwasula, monga ndinanenera. Aliyense alandira zake. A Mlembi alandira mutu wawo.

Bambo a m'nyumba muno sanaseke. Andifunditsira madzi a mchere oviikamo phazi, akhala pambali akumvera wailesi. Kusaseka kwawoko kukundiwawa kuposa chala.

Zonsezi ndavomera.

Koma chimodzi sindivomera. Anangozo ali pakhonde pano akusenda mtedza. Afunsanso kawiri za chithunzi, akuti akufuna akachipachike m'nyumba pafupi ndi cha achimwene awo. Sakudziwa kuti chinajambulidwa kale. Ndinati ndiwalankhulira, sindinawalankhulire, ndinali bize ndi lesi. Mlandu umenewo ndi wanga. Koma lamulo lowaimika pakhomo ndi la komiti, ndipo tambala wawo inadya ndi komiti.

Basi yawo ndi ya Lachiwiri m'mawa. Diresi la Tiyamike ndi lobwereka, likubwezedwa mawa masana. Wojambula amakhala ku Kawale, pafupi ndi Biwi, njinga ali nayo.

Kamunsi ka tsamba lino ndiking'amba, ndikakapereka ndekha pa golosale, ndi phazi lotupa lomweli.

A Tcheya: mawa isanakwane teni koloko komiti iitane wojambula. Tiyamike avalenso diresi ndi velo, mwamuna wake avale suti, Anangozo aime pakati pawo atavala chitenje chawo chomwecho. Wa buluu aliyense, kuyambira inuyo mpaka ine, aime kuseri kwa wojambula. Konzani zimenezi basi isanapite.